Uthenga wa Onse Ulibe Mwini

Panali mayi wina, dzina lake Mwandida, amene ntchito yake inali yolankhulira chipatala pa foni. Sanali namwino, sanalinso dokotala. Jakisoni sankabaya, ndipo akaona magazi ankayang'ana kudenga. Iye ankakhala m'kachipinda koyandikana ndi zenera logawirapo mankhwala, n'kumalemba mauthenga a chipatalacho pa tsamba la mchezo: tsiku la sikelo, tsiku la katemera, kasungidwe ka madzi akumwa m'nyengo ya dzinja. Anzake a pa ntchito ankamutcha Mayi Foni, ndipo iye ankavomera dzinalo ndi mtima wonse.

Fanizoli tinalimva kwa a Metironi Chigwenembe, namwino wamkulu amene anapuma pa ntchito. Analinena pa mapemphero a m'mawa, tsiku lomwe olemba mauthenga a zipatala anasonkhana kudzaphunzira. Ndalisunga monga momwe linatulukira pakamwa pawo. Ngati pali pomwe ndaphonya, kulakwako ndi kwanga, osati kwawo.

Chipatala cha Mwandida chinali chaching'ono, cha m'mbali mwa msewu wa tala, pakati pa chigayo ndi bwalo la mpira. Zaka zoyambirira, tsamba lake linali ngati belu la tchalitchi. Akalemba m'mawa kuti mawa kuli katemera, pofika masana anthu zikwi zitatu anali ataona, ndipo kukacha amayi ankadzaza khonde. Otsatira tsambalo anachulukirachulukira mpaka anakwana zikwi khumi. Tsiku limenelo anamwino anamugulira mandasi, ndipo iye analemba nambalayo ndi inki yofiira pa pepala lalikulu, n'kulimata pa khoma pamwamba pa tebulo lake.

Kenako zinthu zinatembenuka mwakachetechete. Eni ake a masamba a mchezo anasintha kagawidwe ka mauthenga. Kale, chimene walemba chinkapita kwa pafupifupi aliyense wokutsata. Tsopano anaika makina osankha. Makinawo amayamba aonetsa uthenga kwa anthu ochepa. Akaona kuti anthuwo sakuyankha, sakufunsa, sakugawira anzawo, amausiya pomwepo, monga momwe minibasi imapitirira munthu amene sanakweze dzanja. Nawonso olankhula anachuluka: oseketsa, ovina, ogulitsa nsapato za kaunjika, okangana za mpira. Oona mauthenga a Mwandida anatsika kuchoka pa zikwi zitatu kufika pa chikwi chimodzi, kenako mazana awiri.

Koma nambala ya pa khoma sinatsike. Otsatira anali zikwi khumi ndithu, monga kaundula wa mpingo amene amakhala ndi mayina ambiri pamene mabenchi ali opanda anthu. Mwandida ankadziwa pomwe kanambala kakang'ono kaja kamaonekera m'foni mwake, koma sankakonda kukayang'ana. Mtima ukayamba kumukayikitsa, ankadzutsa maso n'kuyang'ana pa khoma.

Tsiku lina kunabwera kalata yochokera kwa madokotala a maso oyendayenda. Ntchito yawo inali yochotsa ng'ala, kamtambo koyera kaja kamene kamaphimba diso munthu akamakalamba. Anali ndi galimoto imodzi yokha, ndipo owafuna anali ambiri. Choncho anaika lamulo: chipatala chiwatumizire mayina makumi anayi a anthu ovutika maso pasanathe masabata atatu. Mayina akakwana, abwera. Akapanda kukwana pofika Lachisanu lomaliza, galimotoyo ipita kwina, ndipo kuno adzakuganiziranso chaka chamawa.

A Sisita Nangondo, amene ankayang'anira chipatalacho, anawerenga kalatayo ataima pa khomo la kachipinda kaja.

"Mayi Foni," anatero, "pa anthu anu zikwi khumi aja, tibwerekeniko makumi anayi okha."

"A Sisita, inu ingokonzani mabenchi," anayankha Mwandida. "Mwinanso mukabwereke ena ku sukulu."

Dzina loyamba analemba yekha, osafunsa munthu. Linali la azakhali ake, a Fanesi, amene anamulera mayi ake atamwalira. A Fanesi anatsogolera kwaya zaka makumi awiri, ndipo kale ankatha kuona mwana wotafuna chingamu pa benchi ya kumbuyo kwenikweni. Tsopano panali patatha zaka ziwiri ng'ala itaphimba maso onse awiri. Ankangosiyanitsa usana ndi mdima, ndipo anthu ankawazindikira ndi mapazi. Ulendo wa ku chipatala chachikulu cha mumzinda ankaukana. Ankati sangakagone kwa eni pamene sakuona ngakhale khomo lotulukira.

"Akadzabwera kuno, ndidzapita," ankatero.

Ndiye kwa Mwandida, mayina makumi anayi aja sanali ntchito chabe. Anali maso a azakhali ake.

Sabata yoyamba anakonza chithunzi chokongola: diso lalikulu lonyezimira, mawu a Chingerezi pamwamba, a Chichewa ang'onoang'ono m'munsi. Anachiika pa tsamba, nadikira. Sabata itatha, mayina anali anayi.

Sabata yachiwiri anaganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa mauthenga. Anayamba kulemba kasanu pa tsiku, chithunzi chomwecho atangosintha mtundu. Koma makina aja, poona kuti palibe akuyankha, anachepetsanso owaonetsa. Kunali kutunga madzi ndi dengu. Analipirako pang'ono kuti uthengawo ukankhidwe, ndipo unakankhidwadi. Unakafika kwa achinyamata a m'mizinda yakutali, amene anapereka zala zoyamikira n'kupitirira. Wina wa ku Joni analemba kuti, "Ntchito yabwino." Bambo mmodzi anabwera kudzalembetsa, koma zinadziwika kuti ankafuna magalasi a dzuwa. Pofika Loweruka, mayina anali asanu ndi awiri.

A Sisita sanamukalipire. Anangoti, "Mabenchi aja ndakonza, Mayi Foni. Pakadali pano zikukhalapo ndi nkhuku za alonda."

Mwandida anaseka, koma kunali kuseka kwa pakamwa chabe.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, anapita kukaona azakhali ake. Anawapeza pa khonde akuswa mtedza, zala zikugwira ntchito ya maso. Pambali pawo panali mnzawo woyandikana naye nyumba, a Nasibeko, amenenso maso awo anali atayera.

"Mapazi amenewo ndi a Mwandida," anatero a Fanesi moni usanaperekedwe, "koma lero akukhwekhwereza. Khala pansi, mwanawe. Madokotala ako aja abwera?"

"Tikuyesetsa, azakhali," anayankha. Kenako anatembenukira kwa a Nasibeko. "Nanga inu, amayi, simunalembetse bwanji?"

"Kulembetsa chiyani?"

"Kwa madokotala a maso."

"Madokotala ati?"

"Koma mwana wanu Edesi amatsata tsamba lathu! Dzina lake ndimaliona."

"Edesi amaona zambiri pa foni paja," anatero a Nasibeko. "Dzulo anandiuza za galu wokwera njinga. Za maso sanatchule."

Mwandida anayang'ana foni yake. Masabata awiri akufuula, ndipo munthu wogawana mpanda ndi azakhali ake sanamve kanthu.

Ali chikhalire, kunamveka odi. Anali mayi wina wa mumpingo, a Jenala, atavala chitenje chatsopano. Anafika pa khonde, anagwada, napereka moni kwa aliyense. Kenako anati:

"Andituma kwa inu, a Fanesi. Andituma ndi a make Lusiya."

Anamasula pa nsonga ya chitenje kafoni kosweka galasi, komangidwa ndi mphira, nakakanikiza. Munatuluka mawu a mayi wa mkwatibwi:

"A Fanesi, ndine make Lusiya. Mwana wanu uja munkamukoka khutu ku kwaya akukwatiwa kumapeto kwa mwezi wamawa. Mukapanda kubwera, nyimbo zidzakhala zopanda mchere. Ndikudikira yankho lanu."

A Fanesi anaseka mpaka mtedza unatayika pa chitenje. A Jenala anawayandikizira foni pakamwa.

"Yankhani, mayi, ndisabwerere chimanjamanja."

"Ndibwera, make Lusiya," anatero a Fanesi. "Ukwatiwo ndidzaumva ndi makutu. Kuona adzandionera ena."

Mawu amenewo anamubaya Mwandida pamtima.

A Jenala anakanikizanso foni, ndipo munatuluka uthenga wina, wa a Nasibeko okha, wotchula dzina lawo ndi nkhani ya mphika womwe anabwerekana kalekale. Nawonso anayankha. Ndiye asanadzuke, a Jenala anafunsa:

"Kodi mbali ino pali amene tamuiwala?"

Amayi awiriwo anatchula mayina atatu, limodzi la nkhalamba ya kuseri kwa dambo. A Jenala anawabwereza kawiri kuti asawataye m'njira.

"Achemwali," anafunsa Mwandida, "bwanji osangoika chithunzi pa gulu kuti onse aone? Mukuvutikiranji ndi dzuwali?"

"Chithunzi tinaika kalekale," anayankha a Jenala akumanga foni pa chitenje. "Koma munthu wamkulu sapita ku ukwati chifukwa cha chithunzi. Adzati, anandiitana ndani? Ine andipatsa makomo khumi ndi awiri. Anzanga ali ndi awo."

Atachoka, a Fanesi anapapasa mbale ya mtedza, naibwezera pa miyendo.

"Iwe, uthenga wako wa maso uja unautuma kwa yani?"

"Kwa onse, azakhali."

"Anaunyamula ndani?"

"Foni."

"Nanga anabwera ndi yankho ndani?"

"Palibe, azakhali."

"Uthenga wa onse ulibe mwini, mwanawe. Aliyense amati ndi wa mnzake. Ndiponso ukuti unajambula diso lokongola. Amene angalione ndi amene sakulifuna. Ife olifunafe tikungoona utsi."

A Fanesi anabwerera ku mtedza wawo.

Lolemba m'mawa, kutatsala masiku asanu, Mwandida anali ndi zithunzi makumi awiri zokonzeratu. Sanaikepo n'chimodzi chomwe. Anakwera pa mpando, namatula pepala la zikwi khumi lija, nalitembenuza. Kenako anabwerera m'mauthenga akale a pa tsamba, kufufuza anthu amene ankayankha ndi mawu, osati ndi chala chokha: ofunsa, othokoza, ngakhale odandaula za kutalika kwa mzere. Anawalemba kuseri kwa pepalalo mmodzimmodzi. Panali wa kabaza, mphunzitsi wa ku pulayimale, mlembi wa amayi a mvano, mtsogoleri wa amayi a ku mzikiti, mayi wogulitsa tomato amene ankatsutsa chilichonse, ndi Edesi. Pa zikwi khumi anapeza makumi awiri ndi asanu.

Poyamba anachita manyazi. Kenako anakumbukira kuti a Jenala anali ndi makomo khumi ndi awiri okha, ndipo ukwati udzadzaza tchalitchi.

Anatuluka, napita ku msika kwa bambo Chikakwiya, telala wa pa khonde la golosale. Aliyense ankadziwa kuti bamboyu anakachotsedwa ng'ala mumzinda zaka ziwiri zapitazo, pakuti ankauza aliyense wobwera kudzayesa malaya.

"Bambo, ndabwera kudzapempha mawu anu," anatero Mwandida atawafotokozera zonse. "Nkhaniyi ndi ya thupi lanu. Mukakana, ndibwerera osakwiya."

"Ndiye dziko lonse lindiona?"

"Poyamba anthu makumi awiri ndi asanu. Mukalola, ndidzaikanso pa tsamba."

"Amenewo ndi okwanira kuvalira jekete. Dikirani."

Anavala jekete, anapesa ndevu ndi zala, nakhala kuseri kwa makina awo osokera. Mwandida anakweza foni, nayamba kujambula kanema.

"Ine ndine Chikakwiya, telala wa pa golosale," anayamba motero. "Amene ndinakuonongerani zovala m'zaka zija mukundidziwa. Munthu wina ndinamusokera thumba la thalauza chozondoka, ndipo makiyi ake akuwafunabe mpaka lero. Inali ng'ala. Ndinkaopa kupita chifukwa anthu ankati amachotsa diso n'kuikamo la mbuzi. Bodza. Diso ndi langa lomwe, ndipo udzu sindidya. Anangochotsa kamtambo, kutacha ndinaona. Tsopano ndatenga singano, ndatenga ulusi. Inu amene simukuona, funsani amene wakugwirirani foniyo ngati ulusi walowa."

Ulusi unalowa kamodzi n'kamodzi.

Mwandida anabwerera m'kachipinda kake, natseka chitseko. Anatenga dzina loyamba pa pepala, najambula mawu ake:

"A Edesi, ndine Mwandida wa ku chipatala. Andituma kwa inu. Madokotala a maso akufuna kubwera, koma akudikira mayina pofika Lachisanu. Ngati mukudziwa munthu mmodzi amene maso ake achita utsi, kamuikireni mawu a bambo Chikakwiya amve. Akayankha, munditumizire yankho lake. Ndipo musanachoke, mumufunse ngati pali amene tamuiwala."

Anatenga dzina lachiwiri, nayambanso. Sanatumize uthenga umodzi kwa onse. Aliyense anamutchula dzina, ndipo kwa aliyense anakumbutsa kanthu kamene anthu awiriwo ankadziwa. Kwa mayi wa tomato anati, "Mzere uja munkadandaula tinaufupikitsa, tsopano ndi nthawi yanu yotithandiza." Pofika pa dzina la makumi awiri ndi asanu, mawu anali atasasa.

A Sisita anasuzumira pa khomo. "Lero Mayi Foni mwasanduka wayilesi?"

"Ndasanduka wamthenga, a Sisita."

"Chabwino. Koma mayina a odwala asaoneke pa tsamba. Matenda a munthu si a pa bwalo."

"Azibwera kwa ine ndekha, n'kulowa m'buku lanu."

Tsiku lonse la Lolemba foni inali zii. Lachiwiri m'mawa inali zii. Mwandida anayamba kuganiza kuti wataya tsiku lathunthu pa masiku asanu okha, ndipo dzanja linkamuyabwa kuti aike zithunzi zija. Anadziletsa. Nthawi ya tiyi foni inalira. Anali Edesi, koma mawu anali a mayi ake, a Nasibeko:

"Auzeni a Chikakwiya kuti za siketi yanga ija ndawakhululukira. Edesi akuti ulusi walowadi. Ndilembeni. Mulembenso mlamu wanga wa kuseri kwa chigayo, koma mumutumire wake uthenga, ndi wonyada."

Kuyambira pamenepo mawu anayamba kubwera. Ena anali a nkhalamba zofuula ngati foniyo ili kutsidya kwa mtsinje. Ena anali onong'ona. Ambiri sanayambe ndi kuvomera, anayamba ndi mafunso. Kodi zimapweteka? Kodi munthu wa shuga amaloledwa? Ndikachoka kumeneko ndi diso lomata, adzandiperekeza ndani? Mwandida sanayankhe za mankhwala payekha, pakuti sanali namwino. Ankanyamula funso lililonse kupita nalo kwa a Sisita, a Sisita n'kuyankha ndi mawu awo, momveka ndi mosabisa, ndipo yankho linkabwerera kwa mwini wake dzuwa lisanalowe. Pa za operekeza, wa kabaza uja anasonkhanitsa anzake asanu, nati tsikulo agogo onse akwera ngati mabwana.

Mayi wa tomato anabweretsa mayina anayi, nadandaula kuti uthengawo unachedwa.

Lachitatu Mwandida anaika kanema wa telala uja pa tsamba, kamodzi kokha. Anthu amene anaunyamula kale m'makomo anabwera kudzacheza pansi pake. Wina anati thalauza lija linali la amalume ake. Wina anafunsa za tsiku. Mwandida anayankha aliyense. Makina aja, poona kuti pano anthu akulankhulana, anayamba kuuonetsa kwa ena. Koma iye sankayang'ananso nambala imeneyo. Maso ake anali pa buku la a Sisita.

Lachiwiri mayina anali khumi ndi awiri. Lachitatu anadutsa makumi awiri. Lachinayi anafika makumi atatu ndi atatu. Lachisanu masana anali makumi atatu ndi asanu ndi anayi, ndipo pamenepo anaima.

Kunatsala dzina limodzi, ndipo mayina ankayenera kutumizidwa isanakwane folo koloko. Mwandida anaimbira mphunzitsi, anaimbira mlembi wa mvano. Onse anati makomo awo atha. A Sisita ankayenda uku ndi uku pa khonde, akusuntha mabenchi amene anali kale pamalo pake. Mwandida anayang'ana dzina loyamba m'bukumo, la azakhali ake, napemphera chamumtima pemphero lalifupi la munthu amene nzeru zamuthera.

Kenako kunamveka belu la njinga. Anali bambo Chikakwiya, atavala jekete lomwe lija.

"Mayi Foni, ndabwera ndi mlandu."

"Mlandu wanji, bambo?"

"Mawu anga mwawatumiza kuseri kwa dambo, afika mpaka ku phiri. Dzulo munthu wa ku Joni anandiimbira kuti ndatchuka. Aliyense mwamufunsa. Nanga ine mwini mawu, anandifunsa ndani?" Anatseka diso la kumanja ndi chikhatho. "Limene anachotsa ng'ala ndi ili. La kumanzereli ndimangoyenda nalo ngati pasinjala. Sabata yonse ndadikira kuti wina anditumire uthenga."

Mwandida anawayang'ana pakamwa pali yasa. Kenako anagwada pa simenti monga anagwadira a Jenala, nati:

"Bambo Chikakwiya, andituma kwa inu. Andituma ndi a Sisita Nangondo. Madokotala a maso akufuna kubwera. Ndikudikira yankho lanu."

"Auzeni ndibwera," anatero telalayo.

A Sisita anali ataima pompo, ndipo zonse anamva okha. Komabe Mwandida anatembenuka, nawauza mwaulemu kuti, "A Sisita, akuti abwera."

A Sisita anaseka mpaka anakhala pa benchi. Dzina la makumi anayi linalembedwa, ndipo mayina ananyamuka nthawi isanakwane.

Patatha masabata awiri galimoto ija inafika. Njinga za kabaza zinabwera motsatizana, iliyonse ndi nkhalamba yovala za ku tchalitchi kapena za ku mzikiti. Mabenchi sanakwane, ndipo anakabwerekadi ena ku sukulu. Si onse amene anapezeka ndi ng'ala. Ena analandira mankhwala odonthezera, ena magalasi, ena anauzidwa mosabisa kuti vuto lawo likufuna chipatala chachikulu. Koma a Fanesi anali m'gulu la olowa m'chipinda, ndipo anatuluka diso limodzi litamatidwa.

Kutacha, namwino anamatula nsalu pang'onopang'ono. A Fanesi anaphethira. Anayamba ayang'ana manja awo, kuwatembenuza uku ndi uku ngati ndi a mlendo. Kenako anadzutsa mutu, napeza mayi ataima patsogolo pawo misozi ili chuchuchu.

"Iwe ndiwe Mwandida?"

"Ndine, azakhali."

"Ine ndinakusiya woonda. Mandasi a ku chipatala kuno akukukonda."

Anatembenukira pa bedi loyandikana nalo, pomwe a Nasibeko nawonso anali atangomatulidwa.

"A Nasibeko! Mwakalamba liti chonchi?"

"Muyambe mwapempha kalilole, anzanga," anayankha a Nasibeko.

Chipinda chonse chinaseka, ndipo wina anayambitsa nyimbo. Bambo Chikakwiya anayendayenda pa khonde akutseka diso ili, kutsegula linalo, n'kumauza aliyense kuti pasinjala uja tsopano wayamba kupalasa.

Kumapeto kwa mwezi, pa ukwati wa Lusiya, a Fanesi anakhala pa benchi ya kutsogolo buku la nyimbo lili m'manja. Mkwatibwi atalowa, sanafunse munthu kuti wavala zotani. Ndipo pakati pa nyimbo yachiwiri anatembenuka, naloza chala mwana wa pa benchi ya kumbuyo. Mwanayo anameza chingamu.

Pepala lija Mwandida analimatanso pa khoma, koma mbali ya mayina ndiyo inayang'ana kunja. Nambala yofiira ija inayang'ana njerwa.

Apa a Metironi anavula magalasi awo, natiyang'ana mmodzimmodzi, nati:

"Inu amene mumalankhulira zipatala pa foni, makina asintha, ndipo adzasinthanso. Musathe mphamvu ndi kulira masiku akale, musachulukitsenso phokoso. Nambala ya pa khoma sinaperekezepo munthu ku chipatala. Tembenuzani pepala. Ochepa amene amakuyankhani aja, adziweni, ndipo muwaitane ndi mayina awo. Apatseni mawu a munthu weniweni amene wavomera yekha, m'chilankhulo cha amene mukumufuna. Mukatuma uthenga, dikirani yankho, ndipo likabwera musalisiye pa khomo. Koposa zonse, musadzuke musanafunse ngati pali amene mwamuiwala. Kawirikawiri ameneyo ali pafupi nanu, ndipo jekete anavala kale."

Tinaseka, kenako tinaweramitsa mitu. A Metironi anapempha kuti Iye amene amaitana aliyense wa ife ndi dzina lake atiphunzitse kuitana anzathu chimodzimodzi. Ndipo tonse tinati ameni.